Makutu a Hezron Pamaso pa Seshoni

Kwa zaka makumi awiri a Hezron Chirambo ankaliza belu la tchalitchi chathu ku Mhuju, osachedwa ngakhale tsiku limodzi. Belulo ndi limu ya gudumu la lole, yopachikidwa pa mtengo wa mango.

Chaka chatha zinthu zinasintha. Ankangomenya kasanu n'kutsamira mtengo, ali wefuwefu. Kuyenda kunali dzandidzandi, maso psuu, mawu osasa, makutu otupa ngati zitumbuwa. Ife a mpingo, Mulungu atikhululukire, tinaweruza msanga kuti mkuluyu wayamba kachasu. Mgonero utayandikira, seshoni, bwalo la akulu a mpingo, inawaitana kuti iwaimitse pa gome la Ambuye.

"Adada, tauziranipo mpweya apa," anatero a Amock Mhango, mlembi wa seshoni, atasendeza mphuno.

A Hezron anauzira.

"Mwamvapo chiyani?" anafunsa abusa.

"Usipa. Koma akatswiri amadziwa kubisa."

"Ine mowa, a Mhango? Si tinabatizidwa tsiku limodzi? Belu landani, koma Mgonero wokha, chonde, musandimane."

Apo amama Isabella Nyirenda, mkulu wa mpingo amene anapuma pa unamwino, anadzuka n'kugwira khutu la a Hezron.

"Mayo!"

"Kachasu wake uti wotupitsa makutu? Taonani, kumtunda kwatupa, koma kansonga kofewa ka m'munsika kali bwinobwino."

Anawagwira pamkono, kenako anagunditsa khutu lawo pachifuwa cha a Hezron. Abusa anayang'ana kudenga.

"Amama, akazi awo ali panjapa."

"Aitaneni adzamve nawo. Mtima uwu ukufwenthera ngati mjigo wotha labala. Mawa ku Mzuzu."

Adokotala atawaunika anati ndi nthenda yosowa, yobwera n'kumapita, imene thupi limaukira mafupa ake ofewa. Inalowa m'kati mwa khutu, n'chifukwa chake ankadzandira. Choopsa n'chakuti inamasulanso kachitseko ka mtsempha waukulu wa mtima, moti magazi ena ankabwerera m'mbuyo. Anawapatsa mankhwala, nawauza kuti azipita kukaunikidwa miyezi itatu iliyonse, ndipo anawaletsa kunyamula chitsulo cha belu. Amama Isabella akanangokhala chete tsiku lija, kaya tikanaimba nyimbo ziti chaka chino.

Belu analisiyira a Mhango, kuti kukhale kulapa kwa mlembiyo. A Hezron anakhala pampando pansi pa mango, wotchi ili m'manja.

"Mwachedwa mphindi zitatu. Ndipo mukumenya ngati mukupepesa. Kodi mwalawako?"

Pa Mgonero, amene anawabweretsera chikho anali a Mhango omwewo, misozi ili m'maso. A Hezron analandira ndi manja awiri, namwa, natseka maso nthawi yaitali. Pobweza chikho ananong'oneza:

"Yewo chomene, mbale wanga. Lero ndiye mukandinunkhiza mupezadi kanthu."