Kasemasema wa Omari

Omari, mmisiri wosema mabwato, anapeza Masautso kuseri kwa siteshoni ya Salima akuwaza nkhuni za sitima. Anthuwa anakulira limodzi, nsomba akudyera mbale imodzi. Ndiye pamene Masautso anadzabwereka kasemasema kuti akasemere mtondo, Omari anangopereka, ngakhale bwato lake linali lisanathe kugobedwa m'kati.

"Ndatsata chitsulo changa. Anthu ayamba kale kukonzekera zokapha nsomba ku chilumba cha Mbenji, langa bwato likadali chipika," anatero Omari.

"Aa, chili kunyumba, achimwene. Mawa ndibwera nacho."

Munthu wabodza maso sakhala pamodzi. Masautso ankalankhula uku akukankhira nkhwangwa yake kuseri kwa mulu wa nkhuni. Omari anaitola. Pakhosi pa chitsulocho panali mizere itatu imene malemu bambo ake a Omari ankalemba pa zida zawo zonse.

Mtima unamupweteka koopsa. Kasemasemayo anali wopindika mlomo ngati chikhatho, wolowa bwino m'mimba mwa bwato osaboola nthiti zake. Tsopano Masautso anali atamuwongoletsa pachipala, kumuphwatalalitsa, n'kumuzika chotembenuza pa mpini watsopano kuti akhale nkhwangwa.

"Wallahi, Masautso! Wapita nacho kwa wosula?"

"Kapitawo amalemba okhawo obwera ndi nkhwangwa. Ndikanatani, ana akugona ndi njala? Chitsulo ndi chitsulo basi, akakupindiranso."

"Chapyapyala chonchi? Akachibweza pamoto ching'aluka. Ukanandiuza, nkhwangwa ndili nazo ziwiri. Imodzi ndikanakupatsa yaulere."

"Ndinachita manyazi kupemphanso," anatero Masautso akukanda m'mutu. Kenaka anayesa kuseka. "Madzi akatayika saoleka, achimwene. Tisadane chifukwa cha kachitsulo."

Manyazi opempha anali nawo, koma owononga cha mwini analibe! Chimene chinamuwawa kwambiri Omari ndi kusekako, ndi mawu oti kachitsulo. Wosula amene ankadziwa kupinda mlomo wotere anali atamwalira kale, ndipo zinali zoonekeratu kuti chaka chimenecho ku Mbenji akapalasa bwato la eni ake.

Sanakalipe. Anagogoda mutu wa mpini pa chitsa mpaka chitsulo chinaguluka n'kugwa pansi. Anachikulunga m'nsalu yake, mpiniwo n'kuuika m'manja mwa Masautso.

"Nanga ndiwaza ndi chiyani? Kapitawo andichotsa ntchito!"

"Wako ndi umenewo," anatero Omari. "Ukadzandiona panjira, usadzanditchulenso achimwene."