Bokosi Limodzi Kumanzere

"Ndani wasuntha msilikali wanga?"

Anafunsa Namwino. Anaika ketulo pakona ya tebulo n'kuyang'ananso mapu. Kukhitchini sanakhaleko ndi mphindi zitatu zomwe.

Lamlungu lililonse masana ankasewera masewera a nthano ndi madayisi pabalaza pawo. Aliyense anali ndi kachidole kake pa mapuwo, pepala la timabokosi, ndipo mwamuna wa Namwino ndiye ankayendetsa nkhani ndi adani onse, madayisi ake akuponyera kuseri kwa katoni. Ponyamuka, Namwino anasiya msilikali wake atatsamira khoma lojambulidwa. Tsopano anali atasendera bokosi limodzi kumanzere, chiphona kumaso, chiphona kumsana.

Lamulo lake onse ankalidziwa. Adani awiri akakupana, wina uku wina uko, nkhonya zawo siziphonya wamba. Mwamuna wake ankachita kuyeza ndi ulusi kuchokera pa mdani wina kukafika pa mnzake; ulusi ukadutsa pa iwe, wapanidwa. Msilikaliyo Namwino anamulera zaka ziwiri, ndipo moyo umene unamutsalira unali wa nkhonya imodzi.

Anayamba ndi mlamu wake, makaniko, mng'ono wa mwamuna wake. Iye anakweza manja onse awiri, nati zala zake zikanakhudza kachidoleko zikanasiya girizi, aliyense akanaona.

"Alamu, mwina msilikali wanu watopa ndi khoma. Zaka ziwiri munthu osapondako panja?"

Namwino sanaseke. Anatembenukira kwa Madamu, mphunzitsi wa nyumba yoyandikana nayo, amene analowa m'gululi miyezi itatu yapitayo. Madamu ankasanja madayisi awo, ang'ono kutsogolo, akulu kumbuyo. Anati iwo malamulo a kupanawa sanawamvetsebe, ndiye akanasuntha bwanji chinthu chosachidziwa?

Komatu Namwino mapu ankatha kuwawerenga. Msilikali wake akanakhala pakhoma paja, chiphona chachiwiri chikanasowa pomuzungulira, ndipo pafupi nacho panalibe wina koma kachidole ka Madamu, wamatsenga wa mkanjo wopanda chishango. Anakumbukiranso kuti m'miyezi itatu yonseyi mivi inalasa kachidole ka makaniko, moto unawotcha msilikali wake, koma wamatsengayo ngakhale minga sinamubaye.

"Mayi, mwaiwala chabe," anatero mwamuna wake, maso ali m'buku la malamulo. "Munasuntha nokha musanapite."

Namwino anali ndi chizolowezi cha kuntchito: chimene wachita, amalemba. Akamaliza kuyenda ankadontheza kadontho ka pensulo pakona ya bokosi limene waima. Anawerama. Pabokosi la kukhoma kadontho panalibe, koma pepala linali litayera kuposa pena ponse, ngati pachipsera. Tinyenyeswa ta labala tinali titasesedwa ndi dzanja, ndipo tinalowera mbali imodzi, kunsi kwa katoni.

Makaniko anatsatira maso a mlamu wake mpaka pamene anaima. Anakanda kumutu.

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka," anatero chapansipansi, n'kudzithirira tiyi.

Mwamuna uja anayamba kulankhula zambiri. Anati nkhani yabwino imafuna ngozi, anati wosewera watsopano akafa msanga amagwa ulesi, anati kachidole n'kachidole. Kenaka anatambasula dzanja kuti abwezere msilikaliyo pakhoma, poti sankafuna mkangano pa zinthu zazing'ono.

"Musiyeni pomwe mwamuikapo, bambo," anatero Namwino. "Yezani ndi ulusi wanu, tonse tione."

Anayeza. Ulusi unadutsa pamutu penipeni pa msilikali. Namwino anachotsa katoni ija n'kuigoneka pansi, nati dayisi igwere poyera. Inagubuduka, inagunda sosala ya Madamu, inaima. Chiphona chikanakhala chokha, nambala imeneyo ikanaphonya. Ndi lamulo la kupana, inakwana ndendende, msilikali n'kufa.

Madamu anati pepani. Namwino anawayang'ana nthawi yaitali, kufuna kudziwa kuti pepaniyo ndi wa chiyani, koma iwo anali atabwerera kale ku madayisi awo.

Anatola msilikali wake, namupukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi, namuika m'thumba. Kenaka anakoka buku la malamulo m'manja mwa mwamuna wake, pamodzi ndi ulusi, n'kuziika pamiyendo pake.

"Kuyambira Lamlungu likubwerali, ziphona ndiziyendetsa ine," anatero. "Madamu, musadzajombe."