Mutu wa Wometa

Taganizani, kodi ndani anameta wometa uja? Funsoli linazunguza msewu wonse kwa mlungu wathunthu, koma amene linamusowetsa mtendere koposa anali mkazi wake.

Mayiyu anali wosoka. Makina ake ankakhala pakhonde la babashopu ya mwamuna wake, moti tsiku lonse makina awiri ankayankhana, osokera panja, ometera m'kati. Mwamunayo anali ndi mbiri yabwino m'deralo, ndipo mutu wake womwe unali chikwangwani cha ntchito yake. Tsitsi lake linkakhala lofanana mbali zonse, mzere wa pamphumi uli wowongoka ngati wolemba ndi rula. Ankametedwa ndi mnzake wa kumsika, ndipo pobwera ankadziyang'ana pa kalilole kutsogolo ndi kumbuyo asanavomereze kuti ntchito yagwirika.

Lolemba babashopu sinkatsegulidwa. Tsikuli wometayo ankalongedza m'chikwama makina a batire, chipeso, sizasi, nsalu yofunditsa, kabotolo ka sipiriti ndi kalilole wamng'ono, n'kuyamba ulendo wopita kwa anthu amene sakanatha kubwera okha: nkhalamba zosayenda, odwala a m'makomo ndi ena ogonekedwa m'chipatala. Sankalandira kanthu. Kutchalitchi anzake anali ndi mphatso zooneka, ena kulalikira, ena kuimba. Iye akayambitsa nyimbo kwaya yonse inkasochera, ndipo akapatsidwa mpata wolankhula ankatuluka thukuta mpaka m'manja. Choncho ankanena kuti Mulungu pogawa mphatso anamupatsa sizasi, ndipo sangaibise m'thumba. Akafika kwa wodwala ankaika dzanja pamutu pake, n'kupemphera pemphero lalifupi, kenaka n'kunena kuti, “Weramani pang'ono, bambo.” Ulaliki wake unkathera pomwepo.

Mkazi wake ankanyadira zimenezi, ngakhale kuti pakamwa ankangodandaula za nsalu zodzaza tsitsi zimene ankachapa Lachiwiri lililonse. Koma panali nyumba imodzi imene chikwama chija chinkapita n'kubwerako chosatsegulidwa, ndipo inali nyumba ya mlongo wake wamkulu wa mayiyu.

Mlongoyo ndi amene anamulera makolo awo atamwalira. Nayenso anali wometa, ndipo ndi amene anaphunzitsa ntchito mwamuna wa mchemwali wakeyo. Anthu ankamutchula kuti Lumo, chifukwa dzanja lake ndi lilime lake zinali zakuthwa mofanana. Masiku amenewo akakumana ndi wophunzira wake wakaleyo ankakonda kumuseka kuti, “Alamu, ntchito ndinakupatsani, mlongo wanga ndinakupatsani. Chatsala n'chiyani, nsapato zangazi?” Kenaka matenda a sitiroko anamugwetsa pakati pa ntchito, kasitomala ali pampando. Anatuluka m'chipatala mwendo ukukokeka, dzanja lamanja lili lende. Madokotala ananena kuti dzanjalo likhoza kubwerera ngati mwini wake atamaligwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, koma akalisiya lidzauma mpaka kalekale.

Lumo analisiya. Anatseka katani ya kuchipinda, natembenukira kukhoma. A mpingo akabwera kudzapemphera ankadzigonetsa tulo. Ndevu zinamera mpaka kubisa khosi, chakudya chinkabwerera m'mbale, ndipo mkazi wake ananong'oneza mayi wosokayo kuti bambowo asiya ngakhale kufunsa kuti lero n'lachingati. Mayiyu anaona kuti mlongo wake akupita, osati chifukwa cha matenda, koma chifukwa chogwa mphwayi, ndipo mtima wake unkapweteka usana ndi usiku.

Tsiku lina anayesa kumuseka monga ankachitira kale.

“Achimwene, ndevuzi mukusungira mbalame kuti zimangemo chisa? Alamu anu akubwera mawa ndi chikwama.”

“Ukawauze asamavutike,” anayankha Lumo osatembenuka. “Akamete amoyo.”

Mayiyo anayang'ana dzanja lija lili pabulangeti ngati chinthu chimene munthu wina waiwala, ndipo anatuluka akupukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

M'mawa mwake, Lolemba, wometa ananyamula chikwama monga mwa nthawi zonse. Anabwerako dzuwa litapendeka, atavala chipewa chomwe sanachoke nacho. Pokhala pansi kuti adye anachivula, ndipo mkazi wake anangotsala pang'ono kugwetsa mbale.

Mutu uja unali ngati munda umene mwalowa ziweto. Kumanzere tsitsi linali lalitali, kumanja kunali masitepe. Pamwamba pa khutu panali chigamba choyera, khungu lili poyera, ndipo kunkhongo kunatsala kachitsamba kamene makina sanafikepo. Mzere wa pamphumi unayamba bwino, kenaka unatsetsereka kulowera kunsidze.

“Bambo, mwakumana n'chiyani? Akumenyani?”

“Andimeta,” anatero mwamunayo akusamba m'manja, nkhope ili yowala ngati walandira mphoto.

Mayiyo anafunsa kuti ndani, koma mwamuna wake anati mwini ntchitoyo anamupempha kuti asanene mpaka adzanene yekha, ndipo iye analonjeza. Mayiyo anati ngati ndi choncho, athamangire kumsika mnzake asanatseke, apo ayi abweretse makinawo amumete mpala pomwepo, popeza mpala sufuna sukulu. Mwamunayo anangopukusa mutu wakewo, n'kupitiriza kudya.

Lachiwiri anatsegula babashopu wopanda chipewa. Kasitomala woyamba anasuzumira pakhomo, nayang'ana mutu wa wometa, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ulendo. Wachiwiri anafunsa ngati imeneyo inali sitayilo yatsopano, ndipo anapempha kuti isamupeze. Wogulitsa nyama wa pafupi anabwera dala, magazi ali pa epuloni, kudzaona ndi maso ake. Anazungulira wometayo ngati akuyesa ng'ombe yogula.

“Achimwene, mbuzi imene yakudyaniyi mundigulitse. Ili ndi njala yoopsa.”

Wometa anaseka nawo limodzi. Koma benchi yodikirirapo, imene nthawi zonse inkadzaza, inakhala yopanda munthu mpaka masana, ndipo mayi wosoka anaona makasitomala akale akudutsa tsidya lina la msewu, akuyang'ana kumbali, kulunjika kumsika. Amayi obwera kudzayesa madiresi ankatsitsa mawu n'kumufunsa ngati kunyumba kuli bwino. Wina anati mwina bambowo anayamba kumwa. Wina anati anamva kuti anametedwa ndi wodwala misala kuchipatala. Mayiyo ankaluma ulusi mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira.

Iye mwini anaganiza za anthu onse amene mwamuna wake ankawayendera. Dzina la mlongo wake linadutsa m'mutu mwake kamodzi, koma analithamangitsa msanga. Dzanja lija analiona ndi maso ake, ndipo silinkatha kugwira ngakhale supuni. Kuyembekezera zosatheka kunali kudzipweteka mtima kawiri.

Pakati pa mlungu anapita kukazonda wodwalayo. Anapeza chitseko cha kuchipinda chili chotseka, ndipo mlamu wake, mkazi wa Lumo, anamuimitsa pabalaza, n'kumuuza kuti bambowo anena kuti asalowe munthu aliyense, ngakhale mchemwali wawo. Ponena zimenezi maso a mlamuyo anali pansi. M'chipindamo munamveka kanthu kachitsulo kakugwa pa simenti, kenaka mawu a munthu wong'ung'udza, kenaka kanthu kaja kanagwanso. Mayi wosoka anabwerera kwawo. Anaganiza kuti zafika poipa, popeza munthu amene anamulera tsopano sankafunanso kuona nkhope yake.

Loweruka madzulo mkwiyo wake unasefukira. Mawa lake inali nthawi ya mwamuna wake yoima pakhomo la tchalitchi kulandira anthu, ndipo pakhomo pamenepo mwamuna saima ndi chipewa. Anamuuza kuti iye watopa ndi kusekedwa, kuti ali kale ndi chisoni cha mlongo wake ndipo sakufuna kusenzanso manyazi, ndiponso kuti Chikhristu sindicho kudzisandutsa choseketsa cha msewu wonse. Anatenga yekha makina m'chikwama n'kuwaika patebulo.

Mwamunayo anawayang'ana, ndipo analankhula mofatsa.

“Mayi, inu mumasoka. Munthu atakubwezerani diresi ataisomola ulusi wonse, n'kukaipereka kwa telala wina, mungagwirenso singano ndi mtima womwewo? Ndikaumeta mutuwu, ndiye kuti ndamuuza munthu kuti ntchito yake ndi yotaya. Tsitsi limamera. Alekeni aseke.”

Mayiyo sanamvetse zonse, koma anamudziwa mwamuna wake: munthu amene ankanyadira mutu wake chotero sakanausenza wotere mlungu wonse popanda chifukwa cholemera. M'mawa anasita malaya ake oyera, nasankha tayi yabwino koposa, ndipo iye mwini anavala diresi imene ankaisungira masiku aakulu. Anati ngati anthu aseke, aseke onse awiri.

Anaima naye pakhomo la tchalitchi. Dzuwa linawala pa chigamba chija ngati likuchiloza dala. Ana ankagwirana m'manja n'kubisa kuseka kumbuyo kwa amayi awo. Mkulu wa mpingo wina anapereka moni akuyang'ana kudenga. Abusa pofika anaima, nayang'ana, n'kunena kuti akhala akulalikira za kudzichepetsa zaka zambiri, koma sankadziwa kuti wina adzavala ulalikiwo pamutu. Wometa ankagwira dzanja la aliyense, akuwerama pang'ono monga mwa chizolowezi chake, moti aliyense ankauona mutuwo bwinobwino. Mkazi wake anaimika khosi, n'kumayang'ana aliyense m'maso mpaka wosekayo ameze kuseka kwake.

Nyimbo yoyamba itayambika m'kati, anthu atachepa panja, pageti panaoneka anthu awiri akuyenda pang'onopang'ono. Mmodzi anali mayi. Winayo anali bambo wovala suti imene inamukulira, ndodo ili kudzanja lamanzere, mwendo ukukokeka m'fumbi. Ndevu zake zinali zodulidwa, ngakhale kuti mbali ina inali yaitali kuposa inzake. Mayi wosoka anamuyang'anitsitsa bamboyo. Anali mlongo wake.

Anafuna kuthamanga kukamugwira, koma mwamuna wake anamugwira mkono, n'kumunong'oneza kuti amusiye afike yekha. Lumo anafika yekha. Anakwera masitepe akupuma mwamphamvu, ndipo sanapereke moni kwa aliyense. Anaima pamaso pa wometa, nakweza dzanja lamanja. Dzanjalo linkanjenjemera, zala ziwiri zili zopindika, koma linakwera mpaka linagwira chibwano cha mlamu wakeyo, n'kutembenuza mutuwo uku ndi uku, monga mmene ankachitira ndi makasitomala kale.

“Alamu, mwayendadi nawo mlungu wonse mutu umenewu? Manyazi mulibe?”

“Ndi ntchito ya katswiri, alamu. Ndingaibise bwanji?”

Lumo anatembenukira kwa mchemwali wake, ndipo lilime lija linali litabwerera ndi ukali wake wonse. Anamuuza kuti mwamuna wakeyu ndi munthu wachiwembu. Lolemba lija atakanidwa monga mwa masiku onse, sanachoke. Anati popeza nthawi ilipo, adzimeta yekha. Anaimika kalilole pampando pafupi ndi bedi, nadzifunditsa nsalu, n'kuyamba kumeta osapesa, kuyambira pamwamba pa mutu, makina atawagwira ngati akupala nsomba.

“Ine ndinamuphunzitsa kuyambira kunkhongo kukwera m'mwamba, chipeso patsogolo, makina pambuyo. Ndiye azichita zimenezo m'chipinda mwanga, ine ndikuona? Ndinamukalipira, iye ngati sakumva. Ndinamukalipiranso, iye n'kuwonjeza kulakwitsa. Ukanakhala iwe ukanatani?”

Mkazi wa Lumo anawonjeza chapansipansi kuti kuyambira tsiku limenelo bambowo akhala akudzitsekera m'chipinda ndi sizasi, kuigwira n'kuigwetsa, kuitola n'kuigwetsanso, ndipo akudya ngati munthu wobwera kumunda. Anati bambowo anamulumbiritsa kuti asauze munthu mpaka atatha kufika kutchalitchi ndi miyendo yawo.

Mayi wosoka anayang'ana mlongo wake, kenaka anayang'ana mwamuna wake, chigamba chija, masitepe aja, kachitsamba ka kunkhongo, ndipo sanaonepo mutu wokongola chotero chibadwire. Anakonza tayi ya mwamunayo, ngakhale kuti inali yowongoka kale, nasiya dzanja lake pachifuwa pake anthu onse akuona.

“Mawa mubwere m'mawa, alamu,” anatero Lumo akulowa m'tchalitchi. “Kumanzereku sindinamalize. Mukatero mundinyamulire chikwama, ndikaone odwala anuwo mmene mwakhala mukuwawonongera mitu.”

Amene anameta wometa uja anali mlamu wake, Lumo, ndi dzanja lake lamanja.