Timabokosi ta Mlamu

Kunyumba kwa telala wina intaneti inkagwira pabalaza pokha, pafupi ndi mpando wake. Ndiye madzulo ana ndi amayi awo ankamuunjirira ngati nyerere pa shuga, iye n'kumayesa ndi chikondi.

Tsiku lina kunabwera mlamu wake, mchimwene wa mayiyo, atanyamula timabokosi titatu topatsirana netiweki. Kena anaika kukhitchini, kena pakhonde, kena pamwamba pa kabati. Basi, aliyense anakadzitsekera kuchipinda ndi foni yake, telala n'kutsala akucheza ndi khoma.

"Achimwene angawa mutu umagwira," anatero mayiyo. "Osati ena ongodziwa mabatani a malaya."

Zinamuwawa telala. M'mawa mwake anazula timabokosi tonse pasoketi, n'kukhala phee kudikira banja lake. Anabweradi onse, koma kudzaimbira foni mlamu yemweyo.

Mlamu atafika anaona mawaya ali lendee, n'kumuyang'ana telala akumwetulira.

"Ndi khoswe uyu, achemwali. Wamkulu ndithu, woyenda ndi tepi m'khosi."

"Ndiye mubweretse kena ka kuchipinda kwathu," anatero mayiyo, "kuti khosweyo akayamba kudandaula, ine ndizionera filimu."