Phewa la Lurdes

Simeoni ndi mkazi wake Lurdes ankagwira ntchito pamalo amodzi, panyumba yosanja imene wamalonda wina ankamangitsa pa Limbuli. Mwamunayo anali mmisiri womanga. Mkaziyo ankatunga madzi osakanizira simenti.

Tsiku lina anafika kuntchito asakulankhulana. Anali atakangana panjira chifukwa cha njinga imene Simeoni anabwereketsa osamuuza mkazi wake, ndipo anthu anawamva.

Dzuwa litakwera, thabwa limene Simeoni anapondapo m'mwamba linapendekeka. Iye anagwira mtengo kuti asagwe, koma njerwa zimene zinali pathabwapo zinatsetsereka. Pansi Lurdes ankadutsa atasenza ndowa.

"Chokanipo!" anakuwa Simeoni.

Ndowa ili pamutu, Lurdes sakanatha kuyang'ana kumwamba. Njerwa imodzi inamumenya paphewa. Anagwa osalira n'komwe, madzi n'kumukhuthukira thupi lonse.

Kuchipatala anati fupa laphwanyika, mwina mkonowo sudzakwezekanso. Kuntchito kapitawo anangomanga thabwalo ndi waya, amisiri ena n'kukweranso.

Lurdes atatuluka m'chipatala, mchimwene wake Americo anabwera kuchokera ku Milonde. Anakana mpando.

"Alamu, anthu akuti munachita dala."

"Dala? Mkazi wanga yemwe?" anafunsa Simeoni.

"Ine kunalibe. Ndangomva kuti munakangana m'mawa mwake. Mlongo wanga ndikumutenga, akachirire kwathu."

Lurdes anadzuka pamphasa movutika, atagwirizira mkono wake.

"Achimwene, thabwa lija aliyense ankaliopa. Akapitawo anauzidwa kangapo, sanamve. Amene akulankhulawo akudziwa zimenezi. Sindipita."

Americo anakwera njinga yake osatsanzika.

Simeoni anayesa kubwerera kuntchito, koma atangokwera pang'ono analephera kupitirira. Anatsika, n'kupempha kuti azingosakaniza simenti pansi. Kunyumba ndiye ankatunga madzi, kusambitsa mkazi wake ndi kumumangira chitenje, amayi apamjigo akumuyang'ana cham'mbali.

M'mawa wina Lurdes atakhala pakhonde, Simeoni anatambasula dzanja kuti atenge lichero limene linali padenga, pamwamba pa mutu wa mkazi wake. Lurdes anadzidzimuka, n'kudziphimba kumutu ndi mkono wabwinowo.

Simeoni anaima chilili.

"Si inu ayi," anatero Lurdes chapansipansi. "Thupi langali likungochita lokha."

Simeoni anasiya licherolo pomwepo, n'kukakhala pansi kumapeto kwa khonde.