Dulani Nsaluyo, Alamu

“Dulani nsaluyo, alamu. Mimba yapitayi yapita ngati mkazi wothawa ukwati, sibweranso. Kunenepa pa dziko lonse kudzathera pa thupi langa lino.”

Anatero a Lumo, ometa tsitsi, ataunjika mabuluku awo onse pa makina a mlamu wawo, telala. Telalayo anayesa kuwaletsa. Pa ntchito yake, ukachepetsa buluku nsalu yotsalayo umaipindira m'kati mwa msoko, poti thupi la munthu ndi mlendo, limapita n'kubweranso. Koma a Lumo anati kusunga nsalu n'kukayikira madokotala. Sizasi inalira.

Matamawo anali ndi poyambira. Mawondo a mkuluyu anali atatha. Ankameta anthu atatsamira mpando, thukuta lili kamukamu, ndipo makasitomala anayamba kuwolokera kwa wometa wa kutsidya kwa msewu. Dokotala wa mafupa anawauza kuti opaleshoni ingatheke pokhapokha thupi litatsika. N'chifukwa chake analowa nawo m'kafukufuku wa jakisoni watsopano wochepetsa thupi ku chipatala chachikulu. Mankhwalawo anagwiradi ntchito. Njala inazima ngati magetsi, lamba anafuna mabowo atsopano, akazi awo n'kumaseka kuti pabedi papezeka malo ogona mlendo.

Kenako kafukufuku anatha. Mayi amene ankamutsogolera, wooneka wotopa kuposa odwala ake, anasonkhanitsa onse m'chipinda chodikirira n'kuwathokoza. Anati zotsatira n'zabwino, koma mankhwalawo ayenera kukayesedwanso kwina kwa zaka ndithu asanaloledwe. A Lumo anafunsa kuti nanga pakadali pano iwo azibayitsa chiyani.

“Bambo, funso limenelo nafenso likutisowetsa tulo,” anatero mayiyo. “Tikanakonda kukutsatirani kuti tione chimene chimachitika munthu akasiya. Koma otithandiza ndi ndalama atseka mpopi.”

Njala inabwerera ngati mwini nyumba, osagogoda n'komwe. A Lumo anayesa kuyenda m'mawa, mawondo anakana. Anayesa kudzimana chakudya, manja anayamba kunjenjemera mpaka anacheka munthu kuseri kwa khutu, ndipo munthuyo anawoloka msewu mutu uli wometa theka. Akazi awo anasiya nthabwala zija. Akaona amuna awo akulimbana ndi mabatani, ankapeza chochita kukhitchini.

Linafika tsiku lokaonana ndi dokotala wa mafupa, loti akawakweze pasikelo n'kugamula za opaleshoni. Palibe buluku limene linadutsa m'ntchafu kupatula lakuda. Analivala atagona chagada, akazi awo akukanikiza mimba ngati akutseka sutikesi. Popita anadzera kwa telala kuti alimasuleko pang'ono.

Telala anapisa chala m'chiuno cha bulukulo, nafufuza msoko.

“Alamu, muno mulibe chomasula. Munati tidule.”

A Lumo anati palibe kanthu, azipuma pang'onopang'ono. M'basi anaimirira njira yonse ngakhale mipando inalipo, mawondo akuyaka moto.

Kuchipatala, nesi anawauza kuti avule nsapato asanakwere sikelo. A Lumo anawerama. Msoko wakumbuyo unalira kuchokera pa lamba mpaka pansi. Nesi anayang'ana kukhoma, ndipo sikelo inali ikudikirabe.