Ulendo wa Akompyuta

Kusitolo ya matailosi ndi penti kumene ankagwira ntchito, aliyense ankamutchula kuti Akompyuta. Dzinali linabwera chifukwa ndi iye amene anaika katundu yense wa m'sitolomo m'makina, moti wogulitsa ankatha kudziwa ngati penti yobiriwira ilipo kosungira katundu popanda kukwera masitepe. Anali mayi wa mwana mmodzi, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ntchito yakeyo ankaikonda.

Fomu ya sukulu yakunja anailemba mongoyesa, pa nthawi yopuma masana, mnzake wa pakauntala atamuumiriza. Patatha miyezi inayi yankho linabwera: amutenga kukachita digiri ya zamalonda ndi luso la makompyuta, zaka ziwiri, zonse zolipiridwa kale. M'munsi mwa kalatayo munali mzere wa tizilembo ting'onoting'ono wonena kuti malo ndi a munthu mmodzi, banja silololedwa kutsagana naye.

Ataweruka anaonetsa kalatayo mwamuna wake kuti aganizire limodzi. Mwamunayo ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo anali munthu wosatha kusunga mawu m'kamwa. Anawerenga mizere iwiri yoyamba yokha, n'kumunyamula m'mwamba.

"Nditsitseni, bambo a mwana. Sindinavomere ayi."

"Kuvomera? Munthu amachita kufunsidwa ngati akufuna mvula?"

Pofika Loweruka nkhani inali paliponse. Mayi wina wophunzira galimoto anabwera kudzagula penti, n'kumuuza akuseka kuti amuna ake masiku ano akuphunzitsa motere: "Pondani kalachi, akazi anga akupita kunja, lowetsani giya yachiwiri."

Lolemba abwana anamuitana mu ofesi. Anamugwira chanza ndi manja awiri, maso ali ndi misozi. "Sitingakutsekereni mwayi, mwana wanga. Ndapeza kale munthu wokhala pampando wanu. Mumuphunzitse zonse musananyamuke."

"Komatu, bwana, ndikadaganizabe."

"Ulemu womwewu ndi umene timakukonderani," anatero abwanawo, akumutsegulira chitseko.

Mayi watsopanoyo anayamba mawa lake. Anali wochangamuka, ndipo tsiku lachitatu anali atasintha kale kutalika kwa mpando.

Kunyumba nako kunafika mlamu wake, mlongo wa mwamunayo, ndi masutikesi awiri ndi makina osokera. Chipinda chimene ankachita lendi anali atachisiya. Anakoka bedi la mwana n'kulikankhira kukhoma kuti lake likwane. "Za mwanayu musade nkhawa, alamu. Inu kaphunzireni, mutitulutse muno tonse."

Mwanayo ndi yekhayo amene sanamuyamikire. Tsiku lina akumuluka tsitsi pakhonde, mwanayo anafunsa osatembenuka kuti, "Amayi, zaka ziwiri ndiye kuti tigona kangati?" Akompyuta anayamba kuwerengera m'mutu, kenako analeka, nati, "Khala bwino, mzere ukukhota."

Analembera kusukulu kuja kupempha kuti adzayambe chaka chamawa. Anamuyankha tsiku lomwelo mwaulemu kwambiri kuti malo a mtundu umenewu sasungidwa. Ndiye anatsala ndi njira imodzi: kukalephera dala mafunso a chilolezo cholowera m'dzikolo. Akamukana kumeneko, palibe amene angamuloze chala.

Ku ofesi ya kazembe wa dzikolo kunali mipando yolumikizana, ndipo anthu anakhala chete atakumbatira mafayilo awo. Bambo wina pambali pake ankaloweza mayankho chapansipansi ngati mwana wa mayeso. Nambala yake itaitanidwa, anaima pawindo la galasi, kuseri kwake kuli mayi wotopa ndi ntchito.

"N'chifukwa chiyani mukufuna maphunziro amenewa?"

"Kunena zoona, mayi, sindikudziwa ngati ndikuwafuna. Ndili ndi mwana. Mtima wanga wonse uli kuno."

Mayi uja anakweza maso koyamba. "Ndiye kuti mukamaliza mudzabwerera kwanu?"

"Tsiku lomwelo."

"Ambiri amavutika kunditsimikizira zimenezo," anatero mayiyo, akulemba. "Mudzatenge pasipoti yanu Lachinayi. Zabwino zonse."

Anatuluka. Mwamuna wake ankamudikira panja m'galimoto yake yophunzitsira, ndipo atamva zoti zatheka anaimba hutala mpaka mlonda anabwera kudzamuletsa. Anapatsa mkaziyo makiyi kuti ayendetse, monga ankachitira akasangalala. Atadutsa maloboti awiri, mkaziyo analankhula maso ali pamsewu.

"Bambo a mwana, ine sindikufuna kupita."

Mwamunayo anaponda buleki ya mbali yake, galimoto n'kuzima pakati pa msewu. Kumbuyo mahutala anayamba kulira.

"Mwati chiyani?"

"Ndakhala ndikunena kuyambira tsiku loyamba. Palibe amene akumva."

Anakankhira galimoto m'mbali. Mwamunayo anakhala nthawi yaitali akupukuta galasi loyera kale ndi kansalu. Kenako analankhula ndi mawu amene mkazi wake anali asanawamvepo.

"Zaka khumi ndi zinayi ndakhala pampando uno. Anthu ndimawaphunzitsa, amapita, ine n'kutsala ndikuzungulira msewu womwewu. Ndinkati mwina mmodzi wa ife afikeko penapake." Anapinda kansalu kaja. "Koma ngati simukufuna, musapite. Ndikauza mlongo wanga apakire. Kwa abwana anu ndikagwada ndine."

Ankanena zoona, ndipo zimenezo ndi zimene zinamupweteka kwambiri mkaziyo. M'maganizo mwake anaona mlamu wake akutsitsa makina osokera pamasitepe alibe kolowera. Anaona mayi watsopano uja akuuzidwa kuti ntchito yatha asanathe ndi mwezi womwe. Anaona mwamuna wakeyu akufunsidwa ndi wophunzira aliyense kuti, "Nanga amayi aja ananyamuka?" Madzi anali atatayika kale.

"Tiyeni tizipita," anatero mkaziyo, akuliza galimoto. "Mwana aweruka posachedwa."

Masabata atatu otsalawo anathera pophunzitsa anthu kukhala popanda iye. Mlamu wake anamusonyeza mankhwala a chifuwa cha mwana, ndi mmene amamunyengerera kuti adye m'mawa. Mwamuna wake anamuphunzitsa kuchapa yunifolomu osaisakaniza ndi zovala zosuluka. Kuntchito anamugulira jekete lochindikala, aliyense n'kusaina pakhadi.

Anapita. Chipinda chimene anamupatsa chinali pansanjika yachisanu ndi chinayi, chokhala ndi bedi, tebulo ndi windo lotseguka pongokwana dzanja. M'kalasi zinthu zinkamuyendera bwino kuposa mmene ankayembekezera. Aphunzitsi ena anatenga njira yake yosungira katundu ija n'kuipanga chitsanzo cha kalasi yonse, ndipo kwa ola lathunthu anasangalala zenizeni, kenako anachita manyazi ndi chisangalalocho.

Lamlungu lililonse masana ankaimba foni ya kanema. Miyezi yoyamba mwana ankalira n'kukana kudula. Pofika mwezi wachisanu ankangoonetsa dzino limene latuluka, kapena diresi imene azakhali ake amusokera, maso ali kwina.

"Amayi, anzanga akundidikira panja. Ndipite?"

"Pita, mwanawe. Uvale nsapato."

Mwanayo anasiya foni pampando osadula. Akompyuta anakhala akuyang'ana denga la pabalaza pawo, akumvera phokoso la makina osokera, mpaka mlamu wake anaizindikira n'kuithimitsa.